Kaseti Imene Inadukira Pakati pa Dzina

Ana anga, mwakhala mukundiseka chifukwa cha kaseti yakale ija ndimasunga m'kabati, ndi wailesi yake yofuna kumenyedwa kaye pambali kuti iyambe kulira. Za ubwana wanga ku Ntcheu sindilemba, agogo anu anakuuzani zambiri, zina mpaka zowonjezera. Pano ndikulemba za ntchito, makamaka za kasetiyo, chifukwa pa zaka zanga zonse za ntchito palibe chinthu chimene chinandiopsa ngati chimenechi, ndipo palibenso chimene chinanditula mtolo ngati chomwechi.

1979 mpaka 1991

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, ngati wothandiza wa zamagetsi. Kunena zoona, chaka choyamba chonse ndinali wonyamula makwerero. Bwana wanga anali kapitawo wamfupi wosaseka, a Saidi. Ndiwo anandipatsa dzina loti aWaya, ati chifukwa ndinali woonda ndipo ndinkapindika kulikonse kumene andiuza. Dzinali linanditsata mpaka kupuma ntchito, moti amayi anu omwe amandiitana choncho ndikawakwiyitsa. A Saidi anandiphunzitsa kusakhudza chinthu ndisanadziwe kumene chikuchokera ndi kumene chikupita. Iwo atapuma ntchito, malo aja anandizizira, ndipo ndinayamba kufunsira ntchito kwina.

1992

Mishoni ina kufupi ndi Chiringa inkafuna munthu woyang'anira jenereta, pampu ya madzi ndi magetsi a kachipatala kake. Nthawi imeneyo Phalombe anali akadali pansi pa Mulanje. Ndinafika patangopita chaka madzi osefukira a Napolo atatsika m'phiri la Michesi. M'njira ndinaona miyala yaikulu kuposa nyumba itakhala pakati pa minda, ndipo woyendetsa lole anandiuza kuti pamenepo panali midzi. Anthu ambiri amene anapita ndi madzi sanapezeke. Abale awo analibe manda oti akasese, ndipo nkhaniyi sankaikamba. Ukafunsa, ankangoti zinachitika, kenako n'kukufunsa za mvula ya kwanu. Ine ndinali mlendo, sindinataye aliyense, choncho ndinaphunzira kutseka pakamwa.

Bwana wanga anali Bambo Yohane, wansembe wachizungu wokalamba amene ankakonda nyimbo kuposa chakudya. Kuseri kwa tchalitchi anali ndi kachipinda kokhala ndi makina amodzi ojambulira mawu pa kaseti, ndipo atandiona kuti ndili ndi dzanja lodekha, anandiphunzitsa kujambula makwaya. Lamulo lawo linali limodzi: nyimbo ituluke yoyera. Tambala akalira panja, tiyambirenso. Wina akatsokomola, tiyambirenso. Kwaya ina ya ku Nkhulambe inabwereza nyimbo imodzi mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha mbuzi. Lamuloli linandilowa m'magazi, moti ndinkathamangitsa nkhuku ndisanauzidwe.

M'kachipindamo munalinso bokosi la mbale za galamafoni za mabandi a kwawo kwa Bambo. Sizinali nyimbo zovina. Nyimbo imodzi inkadzaza mbali yonse ya mbale, ikuyamba ngati ya m'tchalitchi, kenako n'kulusa, kenako n'kukhala chete, kenako n'kuyambanso zina. Zambiri zinajambulidwa anthu akuonerera, koma azunguwo ankakhala duu mpaka kumapeto ndi pamene ankawomba m'manja. Ine ndinkazitcha nyimbo zosadziwa kwawo.

1993 mpaka 1995

Munthu mmodzi yekha ndiye ankabwera kudzamvera mbalezo. Anali a Muhiwa, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, Mlomwe wa komweko, wamtali, wa mawu ofewa koma wouma mutu ngati chitsa. Iwo ndi anzawo anayi anali ndi bandi yotchedwa Mkokomo: gitala yamagetsi, besi, kiyibodi yobwereka kutchalitchi, ndi ng'oma za tchopa zosakaniza ndi zachizungu. Masipika awo akafa, wokonza ndinali ine, ndipo ubwenzi wathu unayambira pamenepo.

Anthu ankadandaula kuti Mkokomo ndi bandi yovutitsa miyendo. Ukangopeza sitepe, iwo asintha kale. Tsiku lina ndinawauza a Muhiwa pamaso.

“Aphunzitsi, nyimbo zanuzi bwanji osazidula ngati za anzanu? Munthu amafika pomva njala nyimbo isanathe.”

“AWaya,” anatero, “mtsinje umaudula pati? Ukayamba m'phiri umakathera kudambo. Ngati mwatopa, khalani pansi.”

Zipani zitayamba, mabandi ena ankadya bwino pamisonkhano yandale, koma Mkokomo anaitanidwa kamodzi kokha. Alendo olemekezeka anadikira nyimbo yoyamba kuti ithe mpaka anauza anyamata awo kuti azule waya.

Nyimbo yawo yaikulu inali “Phiri Linatsika”, ya za madzi aja. A Muhiwa anataya mlongo wawo m'madzimo, ndipo nyimboyi anaimanga pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, koma anali asanaiimbepo pagulu. Inali ndi zigawo ziwiri. Choyamba chinali cha mvula ndi kutsika kwa phiri, chachiwiri cha anthu otsala akudzalanso. Pakati pake panali chete, monga pa mbale za Bambo zija. Yonse pamodzi inkapitirira mphindi makumi anayi. Anapita nayo ku situdiyo ina ku Blantyre, koma anawauza kuti wailesi imafuna nyimbo ya mphindi zinayi, aidule kakhumi. Anabwerako osajambula.

Mu 1995 Bambo Yohane anabwerera kwawo chifukwa cha ukalamba. Anandisiyira makina aja ndi makaseti abwino ochepa. Zinthu za pamishoni zinapita m'manja mwa Sisitere Marita, mayi wa ku Zomba amene ankayenda ndi makiyi a nyumba ya mafuta m'chiuno. Zinthu zinali zitavuta dziko lonse, mafuta a jenereta ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo Sisitere ankawasungira chipatala. Ndinkakangana nawo pafupipafupi, koma sindinawapezepo atalakwa, ndipo zimenezi ndi zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri.

1996, Julayi

Chaka chimenecho a Muhiwa anayamba kuonda. Anali matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, ndipo mankhwala ake kunalibe. Anasiya kuphunzitsa. Madzulo ena anabwera kukachipinda kanga akuyenda ndi ndodo, nakhala pa bokosi la mbale lija.

“AWaya, ine mvula ikubwerayi mwina sindiimaliza. Nyimbo ija ili m'mutu mwanga ndi m'manja mwa anyamatawa basi. Ndikapita, aiwala. Ndikufuna tiiimbe kamodzi, anthu alipo, inu mujambule.”

“Bwanji osajambula muno, mwakachetechete, chigawo chimodzi lero china mawa?”

“Nyimboyi ndi ya anthu a kuno. Aimve ali pomwepo. Ndipo mphamvu zoimba kawiri ndilibe.”

Ndinavomera, koma usiku wake tulo sindinatione. Kujambula kwaya ukalakwitsa umati tiyambirenso. Apa panalibe kuyambiranso.

Vuto loyamba linali mafuta. Ndinapita kwa Sisitere Marita nditakonzekera nkhondo, mawu onse nditawasanja. Anandimvera, nati, “Maola awiri, masana, Loweruka. Ndipo musandiyang'ane choncho, a Muhiwa anaphunzitsa theka la anamwino anga.” Ndinatuluka mawu anga onse ali m'thumba.

Vuto lachiwiri linali kaseti. Pa amene Bambo anasiya panatsala imodzi yokha yatsopano, ya mphindi makumi atatu mbali imodzi. Nyimbo yonse sikanakwana mbali imodzi. Ndinakwera basi mpaka ku Limbe kukafuna yaitali, koma zimene ndinapeza zinali zija zotafunidwa ndi makina. Makina anga nawo anali okalamba, lamba wake ndinali nditadula ku chubu cha njinga, ndiye sindikanawadyetsa tepi yokayikitsa. Ndinabwerera chimanjamanja.

A Muhiwa ndiwo anapeza nzeru. “Chete uja ali pakati ndi wanu. Phiri likatsika, ife tisiya. Inu mutembenuze kaseti. Mukamaliza mukweze mpango woyera, ife tikauona tiyamba chigawo chachiwiri.” Tinayeserera ndi anyamata aja, ndipo zinayenda bwino. Chigawo choyamba chinkatha tepi itatsala pang'ono, yokwanira mphindi zingapo. Tonse awiri tinakhutira. Tinamvera mbale za azungu nthawi yaitali mpaka tinaiwala kuti anthu athu si azungu, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

1996, Ogasiti

Loweruka lija anthu anabwera wapansi ndi panjinga kuchokera mbali zonse. Holo ya mishoni inadzaza, ena anaunjikana m'mazenera. Ambiri sanabwerere nyimbo, anabwera kudzaona aphunzitsi awo, chifukwa mbiri ya matenda inali itamveka. Ine ndinakhala pakatebulo pambali pa nsanja, zomvera zili m'makutu, mpango uli pabondo. Maikolofoni imodzi ndinaipachika kudenga kuti igwire ng'oma. Ndinadzuka n'kuchenjeza anthu, monga mwa chizolowezi changa, kuti amene ali ndi chifuwa atulukiretu. Anandiseka.

A Muhiwa anakwera pansanja atavala jekete imene tsopano inkawakulira. Mpando anaukana. Anati gitala saimba atakhala pansi ngati munthu wosoka mphasa.

Kiyibodi inayamba yokha, pang'onopang'ono, ngati mvula yowaza padenga la malata. A Muhiwa anaimba za mayi amene akutsegula chitseko m'mawa n'kuona kuti mvula sinakatebe. Kenako ng'oma za tchopa zinalowa, besi inayamba kugunda pansipansi, ndipo nyimbo inasintha, n'kusinthanso, ikukulirakulira. Pofika potsika phiri, malata a holo ankanjenjemera. Ine phokoso la tsiku la madzi sindinalimve, koma ndinaona pankhope za anthu kuti anyamata aja analipeza. Bambo wina pafupi ndi khomo anaimirira ngati akufuna kuthawa. Amayi ena anagwira ana awo. Gitala inalira mokweza, kenako onse asanu anasiya nthawi imodzi.

Munali zii. Chala changa chinali kale pa batani loimitsira. Ndisanadine, kumbuyo kwa holo kunamveka mawu a mwamuna, osaimba, osaliranso, akungotchula dzina.

“Alufeyo.”

Ndinaima. Mayi wina kumanzere anatchula lake. Wina anatchula awiri. Kenako mayina anayamba kubwera mbali zonse, lina pambuyo pa linzake, ngati mmene aphunzitsi amaitanira ana m'kalasi, kungoti panalibe woyankha. Pansi pake panali kulira kwa amayi, kotsika, kwa pa maliro. Anthu amenewa anakhala zaka zisanu opanda manda, ndipo ife tinawapatsa chete n'kumaganiza kuti angomuyang'ana. Maikolofoni ya kudenga ija inkagwira zonse, ndinkazimva bwinobwino m'makutu.

Apa ndi pamene panali chiganizo chovuta pa moyo wanga wa ntchito. Mwa lamulo la Bambo Yohane, limeneli linali phokoso, ndipo ndinayenera kutembenuza kaseti n'kukweza mpango. Koma kukweza mpango kunali kuuza ng'oma kuti zikwirire mayinawo. Kutembenuza kokha osakweza mpango kunalinso kutaya dzina la munthu wina, chifukwa panalibe mpata pakati pa dzina ndi dzina. Ndinati ndidikire mpata. Pakazenera ka makina ndinkaona tepi ikuchepa. Ndipo pansanja a Muhiwa anali ataimirira ndi gitala yolemera paphewa, thukuta likutsika, miyendo ikugwedera. Wa ng'oma ankandikodola ndi ndodo yake kuti kwezani, kwezani, aphunzitsi agwa. Akanagwa, chigawo chachiwiri sichikanaimbidwanso mpaka kalekale, ndipo wolakwa akanakhala ine.

Ndinawayang'ana a Muhiwa, iwonso anandiyang'ana. Sanandipatse chizindikiro chilichonse. Ndinakanikiza mpango uja pabondo ndi dzanja, ndipo sindinaukweze. Ndinaona akupendekeka, wa besi n'kuwachirikiza ndi phewa. Sisitere Marita anakwera pansanja ndi mpando wawo womwe, nawakhazika osawafunsa.

Mayina anayamba kuchepa. Ndinati mpata wafika, koma kutsogolo kwenikweni, pansi pa maikolofoni, kunaimirira mayi wina wachikulire wovala chitenje chofwifwa. Analankhula mosathamanga.

“Yosefe. Mariya. Feli…”

Makina anati khethe, tepi yatha. Mayi aja anamaliza dzina lawo, Felisita, ine ndinalimva, holo yonse inalimva, koma kaseti sinalimve. Anakhala pansi, ndipo palibenso wina analankhula. Ndinatembenuza kaseti, ndinadikira kuti tepi igwire, n'kukweza mpango.

A Muhiwa anaimba chigawo chachiwiri atakhala pampando, za anthu akudzala nandolo pakati pa miyala. Mawu awo anali ochepa koma sanaphonye. Chakumapeto ng'oma zinagwira sitepe imodzi osaisinthanso, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona anthu akuvina nyimbo ya Mkokomo, misozi isanaume. Jenereta inazima patangopita kanthawi nyimbo itatha. Aliyense ankandigwira chanza, koma ine mtima unali pa dzina lija.

1996, Seputembala

Ndinaimvera kaseti ndekha kangapo, ndipo nthawi iliyonse ikafika pamenepo manyazi ankandigwira. Nyimbo inalowa yonse, a Muhiwa sanagwe, koma ndinali nditadula mwana wa munthu pakati. Ndikanatembenuza poyamba pomwe, bwenzi palibe amene akanadziwa kuti chinatayika n'chiyani. Tsopano cholakwikacho chinali poyera, kumapeto kwenikweni kwa mbali yoyamba.

Ndinapita nayo ku Limbe kwa munthu wina wochulukitsa makaseti. Anamvera akugwedeza mwendo mpaka pamene mayina anayambira, kenako anaimitsa.

“Madala, izi tichotse. Anthu sagula maliro. Phiri likangotsika, ife titsitsa mawu pang'onopang'ono, mbali yoyamba ithere pamenepo. Ituluka yoyera.”

Yoyera. Mawu amenewo anandikoma, chifukwa akanabisa manyazi anga. Ndinatsala pang'ono kuvomera, koma ndinakumbukira a Saidi, kuti usakhudze chinthu usanadziwe kumene chikupita. Ndinatenga kaseti yanga n'kumuuza kuti ndikafunse eni ake.

A Muhiwa tsopano anali chigonere. Ndinaika wailesi pafupi ndi mutu wawo, ndipo anamvera mbali yonse maso ali otseka. Tepi itaduka anatsegula maso.

“Pepani aphunzitsi,” ndinatero. “Ndinakuimikani nthawi yaitali, ndipo mapeto ake ndi amenewa.”

“Mukanakweza mpango uja, bwenzi ndikukudandaulani mpaka kumanda. Ine ndinaika chete pamenepo chifukwa ndinkaopa kutchula dzina la mlongo wanga. Iwo sanaope. Musachotse kanthu.” Anapuma pang'ono. “Koma dzina lodukalo si langa, si lanunso. Kafunseni mwini wake. Akakana, muchotse zonse, mayina onse, kuti lake lisakhale lokha losowa.”

Choncho kaseti yonse inatsamira pa mayi mmodzi amene sindinkamudziwa n'komwe, ndipo nthawi ya a Muhiwa inali ikutha. Sisitere Marita anafufuza kwa amayi a mumpingo, nandiuza kuti anali mayi Nasibeko, amene madzi atapita ndi mudzi wawo anasamukira kwa achibale kwa Kaduya. Yosefe anali mwamuna wawo, Mariya mwana wawo, Felisita mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi. Onse atatu sanapezeke.

Ndinamanga wailesi pa keliyala ya njinga, mabatire atsopano m'thumba, n'kunyamuka m'mawa. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesera, ndipo onse ankandimvekera opusa. Ndinawapeza pabwalo akupeta nandolo. Anandilonjera m'Chilomwe, ine n'kuyankha mokhotakhota, iwo n'kuseka.

“Ndinu aja a mawaya, munati achifuwa atuluke.”

“Ndine, mayi.”

Anandiyalira mphasa. Ndinafotokoza zonse, za tepi yaifupi, za mpango, za kudikira mpata, ndikuzungulirazungulira ngati munthu wofunsira mbeta. Anandidula.

“Bambo, inu tayatsani timve. Zambirizo ine sindizitsata.”

Ndinapititsa tepi mpaka pamene mayina ayambira. Anasiya lichero. Mayina ena ankawadziwa, ndipo ankagwedeza mutu akamatchulidwa. Kenako anamva mawu awo omwe. Yosefe. Mariya. Feli. Wailesi inati khethe.

“…sita,” anatero iwo, motsitsa, osaganizira n'komwe.

Ine ndinangoyang'ana pansi.

“Bwezani.”

Ndinabweza. Inadukanso pomwepo, iwo n'kumalizanso. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndinadabwa kuona akumwetulira.

“Mwana ameneyu dzina lake sindinkalimaliza. Ndikangoti Feli, wafika kale, ali pamiyendo panga. Amayi ake ankati ndimamulera moipa.” Anayang'ana wailesi ija. “Ndiye mwavutikira zimenezi njira yonseyi?”

“Ndimaopa kuti ndakulakwirani. Mukafuna, tichotsa.”

“Muchotse ndani? Musiye choncho. Makina anene theka, theka linalo ndizinena ndekha. Koma ndifunse, zimenezi zikafika mpaka ku Blantyre?”

“Zikafika, mayi.”

“Eya. Feli ankafunitsitsa atakaonako.”

Ana anga, sindikudziwa mmene ndingakuuzireni mpumulo umene ndinaumva. Ndinalira pamphasa ya eni ake, bambo wa ndevu zanga, mpaka mayi Nasibeko ndiwo ankanditonthoza ine. Anandiphikira chinangwa, nandipatsa nandolo wa m'kathumba kuti ndikapatse aphunzitsi. Pobwerera njinga inkayenda yokha.

1996, Novembala

Wa ku Limbe uja anang'ung'udza koma anachulukitsa mmene ndinamuuzira. Pachikuto tinaikapo chithunzi cha mwala waukulu uli m'munda. A Muhiwa anaigwira kasetiyo m'manja, naitembenuza uku ndi uku, nati, “Ndiye yakwana mu kanthu kakang'ono chonchi?” Kaseti yoyamba inapita kwa mayi Nasibeko kwa Kaduya. A Muhiwa anamwalira mvula itangoyamba, ndipo bandi ya Mkokomo sinaimbenso.

Sindinama kuti chimbalecho chinatchuka. Pa wailesi sichinaimbidwe, ndipo kunja kwa Phalombe ndi ochepa amene anachimva. Koma kuno chinalowa m'nyumba zambiri, ndipo ndinayamba kuona chinthu chimene palibe anachikonza. Tsiku lina ndili pagolosale pa Chiringa, mwini sitolo ankaimba kasetiyo. Itaduka pa dzina lija, sanathamangire kutembenuza. Anasiya kuyeza shuga, natchula mayina awiri chapansipansi. Mayi amene ankagula anatchula limodzi. Kenako anatembenuza kaseti n'kupitiriza kuyeza shuga. Ndinadzamva kuti m'nyumba zambiri ankachita chimodzimodzi, ena mpaka kutchula abale amene sanafe ndi madzi.

2007

Ndinapuma ntchito m'chaka chimenechi, magetsi a boma atafika pamishoni ndipo jenereta yanga itasanduka chogona cha nkhuku. Iwe Chikondi ukukumbukira kuti unabwera ndi kompyuta kuchokera ku Blantyre kuti usamutse kasetiyo ipite pa CD. Unandiuza monyadira kuti tsopano nyimbo ikhala imodzi, mbali ziwirizo uzilumikiza popanda mpata, ndipo ndinakukalipira ngati wagwira waya wamoto. Unandifunsa kuti nanga mpatawo utalike bwanji, ine ndinati wokwanira mayina atatu otchulidwa mosathamanga. Unapukusa mutu, koma unachita. Tsopano wadziwa chifukwa chake.

CD imeneyo ndili nayo, koma ine ndimakondabe kaseti, chifukwa siipitirira yokha, imadikira munthu. Ndikadzapita musadzaitaye, ndipo mukadzaimvera musadzathamangire kuitembenuza. Ndinafika ku Phalombe ndili mlendo wopanda dzina loti nditchule, ndipo tsiku lija m'holo ndinali ndekha wotseka pakamwa. Masiku ano tepi ikati khethe, ndimayamba ndamalizira mayi Nasibeko dzina la mdzukulu wawo, popeza iwonso anatisiya. Kenako ndimatchula a Muhiwa, ndipo ndikatero ndimatembenuza kaseti.